Mabanzi a M'sutikesi

Ndinatsegula sutikesi ya malemu mkazi wanga kufuna kadi ya kuchipatala, ndipo ndinapeza mabanzi. Analipo khumi ndi anayi, oyalidwa bwino pansalu, ena atachita nkhungu. Onsewo ndinagula ndine, limodzi tsiku lililonse poweruka kunjanji, kugulira mwana wanga Keziah.

Chinali chaka cha 1994. Panali patatha miyezi isanu titaika amake ku Dambwa. Keziah, wa zaka khumi ndi zisanu, ankaphika, n'kundiikira chakudya patebulo atagwada, n'kubwerera kukhitchini. Ndikafunsa, ankati wadya kale. Sindinkafunsa kawiri.

Nditapita naye kukiliniki, sikelo inaima pa makilo makumi atatu ndi anayi. Anamwino, ba Agatha, anamuyeza zonse ndipo sanapeze matenda. Anamutulutsa panja, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Ba Bizwell, uyu mwana amadya na ndani?"

Ndinati kwathu ku Katete bambo amadya yekha, ana aakazi amadya ndi amawo. Nditangomaliza kunena, ndinadzimva ndekha zomwe ndanena.

Mawa lake masana ndinanyamula mbale yanga ya maungu, ndinalowa kukhitchini, ndinakhala pamphasa. Keziah anadzidzimuka, nati anthu akaona adzatiseka. Sindinasunthe. Ndinaika mbale pakati pathu.

Masiku asanu sanatambasule dzanja. Ndinkamuyang'ana m'mbali ndi mantha osakanikirana ndi ulemu: kamwana ka mikono ngati bango, kulimbana ndi njala osadandaula ngakhale kamodzi. Ine maliro ndinawatsekera pakamwa posalankhula. Iye anatseka pakamwa pomwepo, koma mwamphamvu kundiposa.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinalankhula.

"Amako maungu ankawapsereza."

Chitsikireni bokosi m'manda ndinali ndisanawatchule. Keziah anadzutsa mutu.

"Ankawapsereza dala, atate. Ankati inu mumakonda zapansi pa poto."

"Sindinkazikonda."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinkaopa."

Anaseka. Kuseka kuja kunasanduka kulira, ndipo ndinamusiya alire mpaka anatopa. Atapukuta m'maso ananyema kachidutswa ka dzungu kosaposa chikhadabo, nakagwira nthawi yaitali. Ndinatembenukira kukhoma kuti maso anga asamuopseze.

Unali mwezi wa Epulo, Zambezi atadzaza, ndipo mphepo ikaomba kuchokera kumwera mkokomo wa mathithi unkafika mpaka kwathu. Tsiku limenelo sindinaumve. Ndinangomva mwana wanga akumeza.