Makwerero Asanu ndi Awiri a Nyumba ya a Chhorn

Narith anawaona komaliza bambo ake ali moyo m'mphepete mwa msewu wa ku Takeo, atakhala pa thumba la mpunga kudikira naye basi ya ku Phnom Penh. A Chhorn anali atapakata chapeyi chawo, choimbira cha khosi lalitali, akuliza nsambo pang'onopang'ono ngati oopa kudzutsa khanda. Basi itafika anangomuuza kuti asamachite manyazi kudya nsomba zonunkha za kwawo pamaso pa ana a m'tauni. Patapita masabata asanu, mlongo wake Sreymom anawapeza atazizira kunsi kwa nyumba yawo yomangidwa pa nsanamira, pomwe ankapumira masana. Narith ku koleji sanabwererenso.

Nyimbo yapamtima ya a Chhorn inali ya makwerero asanu ndi awiri a nyumba yawo, thabwa lililonse ndi nkhani yake. Ankaiimba motsitsa, mpaka omvera kusendera pafupi. Tsopano inkaphulika pa wailesi, ndi ng'oma zomwe, m'dzina la Bunthoeun, amene anadya mpunga wa m'nyumbamo zaka zinayi akuphunzira kuimba. Kumaliro sanaponde. Koma pa wailesi ankati mphunzitsi wake anatsirizikira m'manja mwake, atamusiyira nyimboyo.

Dzinja lonse Narith analimbana ndi chapeyi cha bambo ake, zala zikuchita matuza. Mawu ake anali osasa, ndipo ankadziwa. Kuimba bwino sanali kukufuna.

Mpunga utakololedwa, akuluakulu a kachisi anaitana Bunthoeun ku chikondwerero. Pamenepo oimba awiri amakhala pa mkeka umodzi, wina kufunsa moimba, mnzake kuyankha moimba, ndipo wosowa yankho amagoneka chapeyi pansi anthu akuona. Narith anakakhala pa mkekapo.

"Ophunzira athu aja awa," anatero Bunthoeun akuseka. "Cholembera chinakulemera, mphwanga?"

"Tsitsani mawu, achimwene. Kuno si pa wailesi."

Narith anayamba ndi kufunsa chifukwa chake thabwa lachinayi la makwererowo lili la mtengo wosiyana ndi anzake. Bunthoeun anazemba ndi nthabwala ya chiswe, achinyamata naseka. Amayi achikulire sanaseke. Ankadziwa kuti thabwalo a Chhorn analichotsa pa bedi limene akazi awo anamwalirirapo. Narith sanamukonze. Analiza nsambo kanthawi, kenako anaimba motsitsa:

"Inu amene munawagwira dzanja, tiuzeni. Anatisiya tsiku liti?"

Bunthoeun anakunga nsambo imene inali yokungika kale. Anatsokomola, natamanda mphunzitsi wake mizere itatu, kenako anaimba za mvula yomwe inkagwa pa denga tsikulo. A Chhorn anamwalira m'chilimwe, minda itang'ambika ndi dzuwa, ndipo mudzi wonse unayenda m'fumbi powaperekeza. Mayi wina kumbuyo anati, "Bweza nyimbo ya eni."

Bunthoeun anagoneka chapeyi chake pa mkeka.

Narith ankayembekeza kuti kumtima kuchita mbee. M'malo mwake anakumbukira kuti nayenso tsikulo kunalibe: anali m'chipinda cha mayeso, foni atazimitsa, Sreymom akumuimbira foniyo mpaka dzuwa kupendeka.

Mkulu wa kachisi anamukumbutsa kuti wofunsa ndiye amamasula funso mnzake akagonja. Narith anagwira nsambo ndi chikhatho kuti zileke kulira, ndipo sanaimbe, anangonena:

"Lachiwiri, pa 12 Malichi 2019."