Kiyi wa Bokosi Anali ndi Wodwala

Uthenga utafika woti amuna awo akomoka pamalo oimikapo mathiraki, atelala anasiya nsalu ili pansi pa singano n'kuthamangira basi. Alamu awo, akulu ake a bamboyo, anakwera nawo.

Amuna awowo anali dalaivala wa maulendo ataliatali, wodwala shuga koma wosamva zonena anzake. Kachilonda ka kuphazi anakabisa m'nsapato milungu itatu, n'kumati kapola kokha. Tsopano anali gone m'chipatala cha tauni yachilendo, osadziwa kuti kunja kwacha kapena kwada.

"Zofunika mwamsanga tachita kale," anatero adokotala. "Koma chilonda chalowerera. Tikachotsa zala ziwiri lero, phazi lipulumuka. Tikafika mawa, za mwendo sindilonjeza. Wodwala sangayankhe yekha. Ndani akumuyankhulira?"

"Ine," anayankha atelala ndi alamu nthawi imodzi.

Alamu anaima patsogolo. "Mng'ono wanga sadulidwa kanthu kuchilendo kuno. Timutenge, akaonedwe ndi madokotala omudziwa."

"Alamu, basi ija yatitengera maola asanu ndi awiri. Afika bwanji munthu ali chonchi?"

Adokotala anayang'ana wotchi. Abale akamakokana chotere, iwo sakanangosankha mbali.

Apo atelala anakumbukira. "Chaka chatha bambo anasaina chikalata pamaso pa mboni ziwiri. Anasankha ine kuti ndiziwayankhulira za chipatala akadzalephera kuyankhula."

"Chili kuti?" anafunsa adokotala.

Amuna a atelala anachisunga mmene ankasungira chilichonse: m'bokosi lachitsulo kunsi kwa bedi, ndi loko wamkulu ngati wa pageti la fakitale. Kiyi wake sankamusiyira munthu. Anali pompano, pakabati ya m'wodi, m'kajumbo kamodzi ndi lamba ndi makiyi a thiraki. Atelala anayamba kulira.

Anesi achikulire anawakokera pambali. "Mayi, misozi siilowa m'malo mwa siginecha. Kunyumba mwasiyako ndani?"

"Aneba athu, akalipentala. Ndawasiyira kiyi wa chitseko."

"Aimbireni. Atsegule bokosilo, ajambule masamba onse pa foni, atumize."

Akalipentala atamva, anazengereza. "Ndithyole loko wa adalaivala? Akadzuka andidya wamoyo."

"Akudyeni, aneba, bola adzuke."

Kudikirako kunawawa. Batire la foni linali litafiira. Chithunzi choyamba chinabwera ndi chala cha akalipentala chitaphimba dzina. Atelala anaimbanso. Chachiwiri chinabwera chooneka bwino.

Adokotala anapita nacho ku ofesi ya chipatala. Atabwerako anati achilandira, koma chenichenicho chitumizidwe mawa. Alamu anapempha foniyo n'kuyang'anitsitsa siginecha kwa nthawi yaitali.

"Dzanja lake ndi limeneli," anatero motsitsa mawu. "Chikhalire sanaphunzire kulemba bwino. Bwanji sanandiuze?"

"Ankati adzakuuzani akabwera ulendo uno."

Alamu anabweza foni. "Sainani, mlamu. Ine ndimangoopa."

Opaleshoni inachitika masana omwewo, ndipo phazi linapulumuka.

Tsiku lachitatu adalaivala anali atayamba kuyankhula. Atamva nkhani yonse, funso lawo loyamba linali la loko.

"Loko mudzagula wina, bambo," anatero anesi aja akukonza diripi. "Chikalatacho munachita bwino kulemba, koma kuchikhomera n'kumene kukanakudyerani mwendo. Mukachira, mupangitse makope. Mayiwa akhale ndi yawo, ina muziyenda nayo m'thiraki, ina ikhale kuchipatala chimene mumapita. Musankhenso munthu wachiwiri, poti tsiku lina mayiwa angakhale kutali. Ndipo malamulo amasiyana malo ndi malo, ndiye mufunse odziwa malamulo ngati chimagwira ntchito kumene mumapitako."

Adalaivala anatembenukira kwa akulu awo. "Achimwene, wachiwiri mukhala inu?"

"Ndikhala, koma undiuze zimene ukufuna ukadali ndi pakamwa. Ndinatsala pang'ono kukupha ndi chikondi."

Atabwerera kunyumba, atelala anamaliza nsalu ija, kenako anasoka kathumba kolimba koti kazikhala m'thiraki. Munalowa kope ya chikalata, mayina a mankhwala a shuga ndi manambala a foni awiri.

Mukamachoka pakhomo, sankhiranitu wodzakuyankhulirani, lembani pamaso pa mboni, ndipo abale adziwe. Chikalata chokhomedwa m'bokosi sichiyankhulira munthu ali kutali.