Denga Langa la Mateyala

Ndinalumbira mu 1991, nditaimirira pabwalo la achemwali anga a Getrude kwa Chambwinja, ku Vubwi, thiranki yopepuka ili pamapazi anga. Ndinati sindidzagonanso pansi pa denga lililonse la pamudzi pano, kaya la udzu kaya la malata, mpaka adzandikwirire. Ndinanyambita chala n'kuloza kumwamba monga tinkachitira tili ana. Amene anamva anali ambiri, poti kwathu mkangano suchita kuitanira anthu.

Nkhani yake inali ya mabuku. Popita kukaphunzitsa ku Lundazi ndinasiya thiranki yodzaza m'nyumba mwa achemwali. Pobwera kutchuthi ndinapezamo zikuto zokhazokha. Alamu anga a Samson anali atapichirira fodya masamba onse, limodzilimodzi. Anasuta mbiri ya dziko lapansi, anasuta ndakatulo, anasuta dikishonale yathunthu. Nditafunsa, achemwali anangoti, "Mudanirane mapepala? Sadyedwa amenewo." Mawu amenewo ndi amene anandikweza basi.

Ndinakalambira ku Joni, ndikusamala mabuku a eni m'laibulale ya pakoleji ina, kumene munthu akangopinda ngodya ya tsamba ankandidziwa bwino. Maliro a kumudzi ndinkalirira pafoni. Ndiye chaka chino, nditangopuma pantchito, achemwali anaimba.

"Queen akukwatiwa," anatero. Queen ndi mzime wawo, amene ndinkangomudziwa pazithunzi. "Atsibweni ake otsala ndinu nokha, achimwene. Akuchimuna ndi a kutsidya, ku Mozambique. Amayi ake a mnyamata ayamba kale kufunsa kuti ndi atsibweni otani osagona pakhomo. Akuti kumene alongo sadyerana, mwana wawo sakakwatirako. Akadzakupezani kunja ngati mlonda wa kumsika, ukwati watha."

"Kubwera ndibwera," ndinatero. "Koma ndinalumbira."

"Ndikudziwa. Ndinalipo."

Munthu wowerenga sasowa potulukira. Ndinalumbirira madenga a pamudzi. Za denga lobwera nalo ndekha sindinanenepo kanthu. Ndinagula kalavani kwa mayi wina wachibunu amene mwamuna wake anamwalira asanaiyendetse mokwanira. Galimoto yake ndi nyumba yathunthu: bedi, sitovu ya gasi, kafiriji, bafa, ngakhale chimbudzi momwemo. Ndinalongedza makatoni a mabuku pansi pa bedi, ndinakweza agalu anga awiri, n'kuyamba ulendo. Agaluwo mayina awo ndinawatcha mwachikwathu, mmene munthu amatchera galu pofuna kuti mnansi amve. Wamkulu, wakuda, ndi Munasuta. Wamng'ono, wamakutu ogwa, ndi Mudzandiona. Anansi anga a ku Joni ankati ndi mayina okoma kwambiri.

Sindinathamange. Munthu amene wadikira moyo wake wonse kuti akaonetse anthu sapita mothamanga. Ndinkaima pamene ndafuna, n'kutulutsa mpando, n'kuphika tiyi, agalu akununkhiza dziko. Pa mlatho wa Luangwa ndinagula nsomba zouma n'kudya ndi Mudzandiona. Kuyambira pamenepo mpweya unayamba kununkhira lupsa la kwathu.

Ku Sinda ndinaima pamsika. Ndinasiya kuli mitengo. Ndinapeza matumba a makala ataima m'mbali mwa msewu ngati anthu odikira basi. Olemba a kumayiko ozizira amathera masamba ambirimbiri kulira nkhalango za ubwana wawo, koma iwo akabwerera amazipeza zilipo. Zathu timazipeza m'thumba, zitasokedwa kukamwa ndi luzi. Ndili m'maganizo otero, mayi wina wogulitsa mbatata anasuzumira pawindo n'kuona Munasuta atakhala pampando wakutsogolo, lamba ali pachifuwa.

"Mayo ine! Bwerani mudzaone, anzanga! Galu wavala lamba!" Anatembenukira kwa ine. "Bambo, awawa ndi abwana anu, inu ndinu adalaivala?"

"Ndi choncho, mayi."

"Ndiye auzeni agule mbatata, asamangoyang'ana anthu ngati apolisi."

Ndinagula mulu wonse. Kwa zaka zonsezo palibe anandinyozapo m'chinenero changa, ndipo ndinapeza kuti ndinali ndi njala yake.

Ku Katete, phiri la Mphangwe lili pomwe ndinalisiya, ndinafunafuna sitolo ya a Abudala, amene anandigulitsa thiranki ija ndili mnyamata. Iwo ankandisungira nyuzi zakale zokulungira sopo kuti ndiyambe ndawerenga. Sitolo ndinaipeza, koma ya mafoni ndi masola, ndipo kumbuyo kwa kauntala kunali mwana wawo Hadija, mayi wamagalasi. Anati bambo ake anatisiya kale.

"Ndimwe aticha a ku Vubwi a mabuku aja?" anatero nditadzifotokoza. "Adadi anali kukamba za imwe maningi. Ati kunali munthu anakalipa cifukwa ca mapepa mpaka anayenda ku Saufu. Ise tinali kuona monga ni nthano cabe." Anasuzumira panja. "Agalu asalowe muno, ankolo, koma iyo motoka nifuna niione mukati."

Anazungulira m'kalavanimo, anatsegula mpopi, anatsekula firiji, n'kufunsa kumene ndikupita. Nditamuuza za lumbiro langa ndi nzeru imene ndinaipeza, anaseka mpaka anachotsa magalasi.

"Asisi anu ni akulu kuli imwe?"

"Ndine wowapondera pamutu."

"Aa, ndiye mwaluza kale, ankolo."

Ndinamukhululukira. Sanawerenge zimene ndinawerenga ine.

Kuchoka pa tala kulowera cha ku Chadiza, kalavani inayamba kuyenda ngati nkhalamba yovina, makapu akulira m'kabati. Ndinkapatukira ngolo za thonje ndi njinga zamoto zonyamula mbuzi. Anthu ankaleka kupeta mtedza n'kuimirira. Ana ankathamangira fumbi langa akukuwa kuti chipatala chabwera, ena kuti ndi a boma odzabaya agalu. Ine ndinkangoimika dzanja pawindo pang'ono, ngati munthu amene anazolowera.

Ndinalowa kwa Chambwinja Lachisanu masana, akuchimuna akuyembekezeka m'mawa mwake. Ndinaliza hutala kuyambira padambo. Mudzi wonse unatuluka. Pamene kale panali nyumba ya udzu tsopano panali ya njerwa zootcha ndi malata, ndipo ndinaimika kalavani pamalo enieni amene ndinalumbirira paja. Ndinatsika pang'onopang'ono, ndinatsegulira agalu, n'kuitana ndi mawu onse amene ndinali nawo:

"Munasuta! Mudzandiona! Khalani pansi!"

Pabwalo panagwa phwete. Amayi ena anagwirana mapewa. Akuluakulu amene ankakumbukira anayamba kufotokozera ana. Mphindi imeneyo ndinailota kambirimbiri m'nyengo zozizira za ku Joni, ndipo inakoma kuposa m'maloto.

Pakhonde panadzuka nkhalamba yowonda, ya ndodo, ikutsokomola. Anali a Samson. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, anayang'ana agalu anga, kenaka analiza likhweru. Kuseri kwa nkhokwe kunatuluka kagalu kofiira, nthiti zili pamtunda.

"Alamu, takulandirani," anatero. "Wathuyu ndi Akadalinazo."

Phwete linagwanso, koma ndinaliwerengera kuti ndi langa lomwe lija likupitirira.

"Fodya mukusutabe, alamu?"

"Adokotala anandiletsa. Komatu pepala ngati la buku lalikulu lija sindinalipezenso. Lopyapyala, losanunkha. Munali ndi diso posankha mabuku, alamu."

Achemwali anabwera pambuyo pa onse, akupukuta manja pachitenje. Anafupika, tsitsi lonse mbuu. Sanalire. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato n'kunena kuti ndakalamba kuposa iwo. Queen anagwada n'kundipatsa moni, mtsikana wamtali, mphunzitsi wa pasukulu ya pafupi. Pamene ndinkatsitsa makatoni a mabuku kuti m'kalavani mukhale malo, anatsegula buku limodzi n'kununkhiza pakati pake. Ndinadziwa pomwepo kuti magazi sanataike onse.

Titadya, Queen anandinong'oneza. "Atsibweni, chipinda chanu ndakonza. Pomanga nyumba ino amayi anaonjeza chimodzi, amachitcha dzina lanu, kwa Obadiya. Timasungamo mtedza, koma ndachotsa."

"Mwana wanga, ine ndabwera ndi kwanga."

Anayang'ana pansi. "Amayi ake a Obed, amene akundikwatirayo, amafika m'mamawa. Amayang'ana chilichonse, ngakhale kumene munthu watulukira."

"Ndidzawalandira bwino, ndidzawaphikira tiyi m'galimoto. Sanamwepo tiyi wotero."

Queen anatola mbale n'kupita, ndipo ndinaona kuti akupukuta m'maso ndi phewa. Zinandikhudza, koma lumbiro ndi lumbiro.

Dzuwa litapendeka ndinatsegula kalavani kuti mudzi uone. Ankalowa atatuatatu, nsapato atasiya panja. Chimbudzi ndicho chinabweretsa mtsutso: ena ankati n'chitukuko, ena ankati munthu wanzeru sadzithandizira m'nyumba mmene amaphikira. Ine ndinaima pakhomo ngati mwini chionetsero, ndikuyankha mafunso. A Samson anayatsa ndi kuzimitsa getsi mpaka ndinawaletsa.

Omalizira anali achemwali. Anakwera movutikira, Queen akuwakankha kumbuyo. Anayang'ana sitovu, n'kudutsa. Anayang'ana firiji, n'kudutsanso. Atafika pabedi anadinikiza matiresi ndi chibakera, anakhalapo, kenaka anakweza miyendo n'kugona chagada.

"Koma ndiye wofewa," anatero. "Msana wanga wakhala ukufuna zotere. Queen! Kanditengere bulangete langa, ndi chikwama cha zovala chili kumutu kwa bedi. Utengenso beseni langa losambira."

Ndinaseka. "Achemwali, mwayesa, kwakwana."

"Ndani akuyesa?"

Queen anabwera atasenza zonse, akuyenda mofulumira kuposa mmene ndinamuonerapo tsiku lonse. Achemwali anadzuka, anamasula chitenje chimodzi m'chikwama n'kuchipachika pakhomo la kalavani, ine ndili kunja kwake. Kuseri kwa chitenjecho ndinamva zipi ikutseguka ndi zovala zikuyalidwa.

"A Samson!" anaitana. "Bwerani, lero tigona ku Joni."

A Samson anadutsa pambali panga ndi ndodo yawo ndi pilo kukhwapa. "Zikomo, alamu, tidutse nawo."

"Achemwali, mankhwala anga ali m'menemo. Zovala zanga."

"Queen akupatsira pawindo. Muno tsopano ndi kuchipinda kwanga. Ukufuna ulowe kuchipinda kwa mlongo wako, iwe Obadiya? Anthu onsewa akuona? Lowa, tione zimene anakuphunzitsa mabuku."

Phazi langa linali kale pa sitepe. Ndawerenga malamulo a mafumu akale ndi a mayiko amene kulibenso, ndipo ambiri ndingawatsutse mutandipatsa mpando ndi tiyi. Koma ili silinalembedwe paliponse, choncho palibe pomwe ungaligwire. Phazilo linatsika lokha.

Pabwalo mayi wina analuluta, ndipo ena anamulandira.

"Ndigona panja," ndinalengeza.

"Gona," anatero mawu kuseri kwa chitenje. "Nkhokwe ili ndi denga, khola lili ndi denga, usakhale pansi pake. Pamtetete pali malo ambiri."

Ndinatulutsa mpando wanga n'kukhala pakati pa bwalo, jekete nditakokera m'khosi. Unali mwezi wa Julaye. Mphepo inayamba kutsika m'mapiri a m'malire, ija imalowa m'mafupa osagogoda, ndipo kumwamba kunayamba kuwaza kamvula kosamveka. Anthu anabalalika mmodzimmodzi, aliyense akundifunira usiku wabwino mwaulemu woonjeza. M'kalavani getsi linkayaka ndi kuzima, kuyaka ndi kuzima.

"Alamu!" anakuwa a Samson pawindo. "Madzi otenthawa amatsegulira mbali iti?"

Ndinaitana agalu anga kuti adzandifunditse mapazi. Munasuta anatulutsa mutu pansi pa chitenje, anandiyang'ana, n'kubwerera mkati. Mudzandiona sindinamuone n'komwe, mpaka Queen atatsegula chitseko cha nyumba, nyale ya sola ili m'manja. Galuyo anali kumbuyo kwake, akugwedeza mchira ngati wobadwira momwemo.

"Atsibweni, mabuku aja ndawaika m'chipinda chanu kuti angavumbwe. Koma sindikudziwa kasanjidwe kake. Ndangowaunjika pansi."

"Pansi? Pasimenti?"

"Pali thandala la matabwa kukhoma, adadi anakhoma chaka chatha. Kaya ayambe aakulu, kaya ayambe ofiira..."

"Ofiira! Mabuku sasanja ngati tomato, mwana iwe."

Ndinanyamuka kuti ndikangomuonetsa, kenaka ndibwerere panja. M'chipindamo munkanunkhira mtedza wouma. Matabwa anali okhota pang'ono, koma olimba. Tinayamba ndi mbiri, kenaka ndakatulo, Queen akundipatsira limodzilimodzi n'kumafunsa za lililonse, ndipo mafunso ake anali abwino. Dikishonale yatsopano ndinaiika pamwamba penipeni, pamene munthu wa ndodo sangafikire. Kamvula kanayamba kulira pamalata. Ndinakhala pabedi kuti ndipumitse msana.

M'mawa kunamveka "Odi! Odi kuno!" Ndinatsegula chitseko bulangete lili paphewa, Mudzandiona ali kumapazi. Pabwalo panaima anthu achilendo ndi njinga zawo, patsogolo mayi wamkulu wa duku lobiriwira. Anayang'ana kalavani, anayang'ana ine, anayang'ana chitseko chimene ndinatulukira.

"Mwawapeza, eni mbumba ndi amenewo," anatero achemwali, mutu uli pawindo la galimoto yanga. "Ife kuno ndi alendo chabe."

Mayiyo anagwada n'kuomba m'manja. "Mwadzuka bwanji, atsibweni? Mwagona bwino?"

"Ndagona bwino, mayi," ndinatero. "Fikani."

Ndinali nditagona kwa Chambwinja, pansi pa denga la malata la achemwali anga.