Mapaketi a Henderson

Mbuzi zisanu ndi ziwiri zitafa m'mudzi mwathu, kuseri kwa Nambuma, komiti yachitetezo inakumana pansi pa mtengo wa mango. Ulembi anandipatsa ine, poti zaka makumi atatu za ku Bulawayo zinandisiyira magalasi ndi cholembera. Mudzi umene ndinausiya unkayamba wafunsa, kenako n'kukwiya. Ndinaupeza utatembenuza ndondomeko.

Mboni inali imodzi, Henderson, munthu amene anagulitsapo njinga imodzi kwa anthu awiri. Iye anati a kutsidya kwa dambo ndiwo akutiphera ziweto, ndipo tameki wawo, poizoni uja, akumusunga m'nkhokwe ya Benedeta. Benedeta ndi mlongo wanga, anapita kumeneko pa chitengwa. Ndi wamasiye, ana anayi, nkhokwe imodzi.

"Mapaketi angati?" anafunsa a Paulo, apampando athu.

"Awiri."

Atamuthirira kachasu, anakumbukira kuti anali khumi.

"Unawaona ndi maso ako, eti?" ndinafunsa.

"Anandiuza munthu amene anaona, madala."

"Ndani?"

"Aaa, mukufuna amuthirire m'ndiwo?"

Eliya, wopha mbuzi kumsika, anaimirira. Anati anatumbula ziwiri mwa mbuzizo, m'mimba munali majumbo apulasitiki okhaokha.

"Zimenezo musalembe, alembi," anatero a Paulo. "Zisokoneza anthu."

Sindinalembe. Sindinalembenso kuti a Paulo akhala akulisirira dambolo chaka ndi chaka, ati n'labwino kulima anyezi.

Loweruka m'mawa amuna makumi anayi anawoloka ndi zibonga. Ine ndinali kumbuyo ndi kope. Henderson sanabwere, mutu unkamupweteka. Amunawo anagwetsa nkhokwe ya Benedeta, anafukula chimanga chisononkho chimodzichimodzi, osapeza kanthu. Wina anati ayatse moto kuti chobisikacho chipsere momwemo. Maganizowo anavomerezedwa.

"Umboni ndi umenewu," anatero a Paulo akupukuta thukuta. "Munthu wosalakwa sabisa chinthu mpaka osapezeka."

Analengezanso kuti dambo likhala m'manja mwa komiti mpaka kufufuza kutatha.

Anthu atabwerera, ndinatsala. Benedeta anagwada paphulusa, akusankha zisononkho zimene moto unaziiwala. Zinakwana madengu atatu, ndipo tinali mu Julaye. Ndinawerama kuti nditole nawo.

"Siyani, achimwene," anatero osandiyang'ana. "Mudetsa malaya. Mukawauze anzanuwo kuti zotsalazi ndikaziika m'nyumba, paseri pa chitseko. Asadzavutike n'kufunafuna."