Njere Zakuda m'Mawere a Ottilia

Ottilia ankapeta mawere kuseri kwa nyumba pamene mlamu wake Doreen anatulukira, fumbi la ku Sinda likadali kumapazi. Sanadikire ngakhale mpasa.

"Amake Towela, mawere aja mwanyika kale?"

"Ndinyika lero. Chinkhoswe cha Towela chayandikira, chimera chimere liti? Bwanji kodi?"

"Musanyike. Aja munatipatsa aja, amuna anga a Yosefe akhala akumwa phala lake m'mawa uliwonse. Miyendo yatupa ngati mitondo. Kuchipatala akuti muli njere za doza."

Ottilia anatsitsa lichero. Doza ankamudziwa, chitsamba chaminga chamaluwa achikasu chija chimene chinadzaza kumunsi kwa munda chaka chino. Anauza mwamuna wake Ignatius kuti achizule asanakolole. Ignatius anati mawa.

"Zakudazi ndi mpiru," anatero Ottilia. "Achimwene anu a Ignatius anayanika mbewu yawo ya kudimba pamphasa yomweyi. Ndinalankhula mpaka kukamwa kuuma."

"Anamwino akuti muphwanye muone. Mpiru m'kati ndi wachikasu. Doza ndi woyera."

Ottilia anatola kanjere kamodzi, nakakanikiza ndi supuni pamwala. Chikasu.

"Mwaona?"

"Phwanyani kena."

Chikasunso. Kachitatu kanatuluka koyera ngati chinangwa. Anayang'ana thumba lonse litatsamira khoma. Anayesa kupetanso mwamphamvu, koma njerezo zinkagwera limodzi ndi mawere, kulemera kwake kumodzimodzi. Anayesa sefa. Zonse zinakhalira pamwamba pamodzi, ngati pachibale.

Ignatius anafika ndi njinga, nkhani n'kuimva ataimirira.

"Aa, tinjere tochepa timeneti? Thobwa timaphika, mayi. Moto umapha zonse."

"Phala la a Yosefe linali losaphika?"

"Ndiye musankhe doza yekhayo. Mpiruwo mundisungire, ndi mbewu yabwino ija ya ku Vubwi."

Ottilia anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumatayala.

"Ndiziphwanya kamodzikamodzi kuti ndidziwe kanu ndi kati? Ndikaphwanya mukadzala chiyani, ufa? Chakuda chilichonse chikupita kumoto. Akuchimuna akubwera kuchokera ku Mkaika, ana ndi azakhali awo omwe. Mukufuna abwerere kwawo akukoka miyendo, azikati kwa a Ignatius anatimwetsa chiyani?"

"Nanga chimera chikachedwa?"

"Amwa madzi. Madzi satupitsa munthu."

Ignatius anati akaone kaye mbuzi, nakankha njinga yake. Doreen anaseka pang'ono, kenaka anakumbukira mwamuna wake, kuseka n'kutha.

Ottilia anakhuthula madzi amene anatungira kunyika aja pamtengo wa papaya. Anayala chitenje choyera pansi, nathirapo mawere dzanja limodzi, kuwabalalitsa kuti zakuda zioneke. Maso ake sanalinso a kale, moti anachita kuwerama mpaka msana kulira.

"Khalani pansi, alamu. Inu muyambire uko."

Ottilia anayamba kutola ndi chala chonyowetsa ndi malovu, kenaka anakumbukira poizoni wa doza, nalavula, napukuta chalacho pachitenje. Thumba linali likadali lodzaza mpaka pakamwa.