Sukulu Yolipira Wophunzira

Tsiku limenelo mphepo youma ija yotchedwa hamatani inabwereranso ngakhale kuti nyengo yake inali itatha. Fumbi linakuta mzinda wonse wa Benin, dzuwa lili mbuu, milomo ikung'ambika. Ndinali pakhonde kukonza wailesi ya munthu pamene foni yanga inalira. Nambala yake inali yakunja.

Anali mzimayi wolankhula Chingerezi cha m'mphuno. Ankafuna Esohe, mwana wanga wamkazi. Foni ya Esohe inabedwa m'basi, choncho pofunsira malo kusukulu zakunja analemba nambala yanga. Mzimayiyo anati sukulu yawo ya ku America yasankha Esohe kuti akaphunzire luso lolemba nkhani. Anati sakalipira kanthu, ndipo iwo ndi amene azikamupatsa ndalama mwezi ndi mwezi.

Ndinadula foni.

Mawu amenewo kuno timawadziwa. Mumsewu mwathu momwemu atsikana anapita kunja ataitanidwa ndi mzimayi wa pakamwa pokoma, wolonjeza ulendo waulere ndi ntchito yopepuka. Mmodzi anabwerako, koma salankhula ndi munthu. Enawo sitinawaonenso.

Madzulo ndinamuuza Esohe akusenda chilazi. Anaika mpeni pansi.

"Bambo, mwadula?"

"Ee."

Sanakweze mawu. Anafotokoza kuti sukulu zoterozo zimatero: zimasankha anthu ochepa, zimawaimbira foni, ndipo ndalamazo amazigwirira ntchito pophunzitsa ophunzira atsopano. Ndinamufunsa kuti ndi sukulu yanji yolipira wophunzira. Ine chiyambire sukulu ndimailipira ndine.

Panalinso sukulu ina, ya ku England, imene inamuvomera mwezi wa Febuluwale. Imeneyo inkafuna ndalama zambiri, ndipo n'chifukwa chake ndinkaikhulupirira. Koma kuti ndalamazo zipezeke, pankafunika kugulitsa malo a malemu mkazi wanga Imuetinyan, a ku Ugbor, amene anagula ndi ndalama zake za kumsika. Za kugulitsazo ndinali ndisanauze munthu aliyense.

Lamlungu kunabwera mlamu wanga Nosakhare, mchimwene wa malemuyo. Anadya bwino, kenako anamva nkhani ya foni.

"Alamu, munachita bwino kudula," anatero akutokosa m'mano. "Mzungu akulipire chifukwa chopeka nkhani? Ndiye inenso azindilipira pa mabodza amene ndimauza mkazi wanga."

"Mukanamanga kale nyumba yosanja, amalume," anatero Esohe.

Nosakhare anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anati mwanayu apite ku England, kusukulu yeniyeni yokhala ndi malisiti. Anati tisavutike ndi ndalama, iye ali ndi munthu wofuna malo a ku Ugbor, munthu wabwino, wa kutchalitchi kwawo. Malire anawayendera kale limodzi, ndipo munthuyo wakhala akudikira kuyambira pa Khirisimasi.

Ndinayang'ana m'mbale mwanga. Pa Khirisimasi sukulu ya ku England inali isanayankhe n'komwe.

Nosakhare atatsanzika ndinamuperekeza mpaka pageti, ndipo anandigwira paphewa kawiri, zimene sanachitepo ngakhale pamaliro a mlongo wake. Tsopano panali anthu awiri ofunitsitsa kundithandiza, mzimayi wa pafoni uja ndi mlamu wangayu, ndipo onse sindinkawakhulupirira.

Esohe anawalembera a ku America aja kupepesa. Lachiwiri masana mzimayi uja anaimbanso. Esohe anatambasula dzanja, koma foni sindinamupatse.

"Mwana wangayu munamuonapo?" ndinafunsa.

Anati ayi.

"Chithunzi chake muli nacho?"

Anati alibe, ndipo sachifuna. Pamenepo ndinadabwa, chifukwa azimayi otenga atsikana aja chinthu choyamba chimene amapempha ndi chithunzi.

"Ndiye mwamusankha bwanji?"

Anati anawerenga nkhani imene Esohe anatumiza.

"Imati chiyani?"

Ndinkayembekezera kuti achita chibwibwi. Sanatero. Anayamba kufotokoza, mosathamanga, za munthu wokonza mawailesi amene mkazi wake anamwalira. Munthuyo amakonza wailesi ya aliyense mumsewu mwawo, koma ya mkazi wake, yabuluu, imene ili pawindo la kuchipinda, anaisiya yakufa. M'mawa uliwonse amaipukuta fumbi ndi malaya ake. Mzimayiyo anati iye ndi aphunzitsi anzake anakangana nthawi yaitali kuti n'chifukwa chiyani munthuyo saikonza. Wina ankati ndi chisoni, wina ankati ndi mkwiyo. Iyeyo ankaganiza kuti munthuyo akuopa kuti ikalira, ilira popanda woimvera.

Esohe anali atazyolika, akukanda simenti ndi chala cha kumwendo.

Kenako mzimayiyo anafunsa mosamala ngati ineyo ndine bambo ake a Esohe, ndiponso ntchito imene ndimagwira.

"Lankhulani ndi mwiniwake," ndinatero, n'kupereka foni.

Analankhula nthawi yaitali kuseri kwa nyumba. Ine ndinabwerera pa wailesi ya munthu ija, koma waya ankangondipulumuka. Sizinandisangalatse kuti anthu osawadziwa, kudziko lozizira, anakhala pansi kukambirana za pawindo la kuchipinda kwanga. Komabe mzimayiyo anali atawerenga mpaka kumapeto, ndipo anakumbukira kuti wailesiyo ndi yabuluu. Nosakhare sakudziwa ngakhale mutu wa nkhaniyo.

Esohe atabwera anaima pakhomo.

"Mwakwiya, bambo?"

"Si yabuluu. Ndi yobiriwira. Inangosuluka."

Ndinamuuza kuti asavomere kaye. Ndinkafuna dzina la msewu umene sukuluyo ili. Mnzanga wina wa kutchalitchi ali ndi mwana kudziko limenelo. Mwanayo akwere basi, akaone ndi maso ake ngati pali nyumba, geti ndi ophunzira, ndipo akamuone mzimayiyo kumaso. Esohe anati dzikolo ndi lalikulu, mwina ndi ulendo wa tsiku lathunthu. Ndinati apite basi. Zikakhala zoona, Esohe avomere ya ku America.

"Nanga amalume muwauza chiyani?"

"Awerenga okha."

M'mawa mwake fumbi linali lidakalipo. Ndinagula utoto wofiira, ndinakwera basi ya ku Ugbor, ndipo pakhoma la malo a Imuetinyan ndinalemba zilembo zikuluzikulu kuti malowo sakugulitsidwa.