Hositelo ya Ndindi

Pakhoma la hositelo ija panalembedwa dzina la bwana wina, koma palibe amene amalitchula. Payunivesite ponse amaitcha Ndindi. Mukafunsa chifukwa, ophunzira amangomenya masupuni patebulo n'kukuwa kuti, "Ndi-ndi-ndife!" Ndiyo mfuu yawo, kumpira ndi kumaliro komwe.

A telala ena ake ankadziwa kumene mfuuyo inachokera. Mwana wawo wamkazi atapatsidwa malo m'hositelo yomweyo, anafuna kungomusiya pageti.

"Ababa, sutikesiyi ndekha sindingathe," anatero mtsikanayo, atatchena diresi lomwe bambo akewo anamusokera okha. Anakwera naye masitepe.

Kunyumba a telala ankanena kuti yunivesiteyi anaisiya chifukwa cha matenda. Zaka zonsezi anadziphunzitsa kuyankhula pang'onopang'ono, ngati akusoka nsalu yoterera, moti chibwibwi chinkangowabwerera akachita mantha. Kasitomala akawakalipira kushopu, mwanayu ndiye ankawamalizira mawu.

Asanafike n'kuchipinda komwe, atsopano onse ndi makolo awo anaitanidwa m'holo yodyera. Tcheyamani wa ophunzira, mnyamata wamimba ngati anayamba kale kulandira malipiro, anakwera pampando.

"Mbiri ya nyumba ino muidziwe," anatero. "Kalekale, muno muli amuna okhaokha, kunabwera kape wina. Akuluakulu anamukweza patebulo ili kuti anene dzina lake. Iye kuti ndi-ndi-ndi, mpaka chakudya kuzizira! Ankamukweza tsiku lililonse, mapeto ake anathawa. Dzinalo tikudikirabe mpaka lero."

Holo yonse inafa nalo phwete. Mtsikana uja anaseka nawo, atatsamira mnzake amene anadziwana naye m'mawa womwewo. A telala anayang'ana tebulolo. Mwendo umodzi unali ukadali waufupi, wochirikizidwa ndi chikatoni. Anayamba kubwerera cham'mbuyo kulowera kukhomo.

"Inu a sutikesi!" anakuwa tcheyamani. "Muno sitithawa. Ndinu ndani?"

Anatsegula pakamwa. Lilime lija analiweta zaka zonsezi linawagalukira.

"Ndi... ndi-ndi..."

"Ndife!" Masupuni analira pamatebulo onse. "Mdala uyu ndi dolo, waigwira kale!"

Mmodzi yekha sanaseke. Mtsikanayo anayang'ana bambo ake, kenako tebulo lija, ndipo anamvetsa matenda aja amene anawasiyitsa yunivesite. A telala anaona kuti wamvetsa. Manyazi anawagwira, koma anamupemphabe ndi maso kuti awamalizire ngati kushopu.

"Iwe wadiresi lokongola, akuyang'ana iwe," anatero tcheyamani. "Ndi ndani ako?"

Mtsikanayo anasalaza diresi lake. Mnzake uja anali akumuyang'ana.

"Angondinyamulira katundu," anatero. "Abambo inu, ingoisiyani pomwepo. Zikomo."

A telala anaika sutikesi pansi, n'kuitsamiritsa kukhoma kuti isagwe. Ali pamasitepe mfuu ija inayambanso, ndipo pakati pa mawu onsewo, anazindikira mawu a mwana wawo.